Nyumba ya zipinda ziwiri nayo imadya Khirisimasi

Mwezi wa Disembala ukangolowa, masitolo a mu Limbe ndi a mumsewu wa Malangalanga ku Lilongwe amayamba kuthobwa m'maso. Mitengo yapulasitiki yaitali kuposa munthu, zingwe zonyezimira, timagetsi tophethiraphethira, ndiye agogo a ndevu zoyera aja atavala chikhoti chaubweya pamene ife thukuta lili kamukamu. Zambiri mwa zinthuzi zimachokera ku Yiwu, mzinda wa ku China umene umagulitsa gawo lalikulu la zokongoletsera Khirisimasi padziko lonse. Sindikuzinyoza ayi. Ana amazikonda, nanenso ndikamadutsa ndimaima n'kumayang'ana. Kungoti amene anazipanga ankaganizira nyumba ina yake, ya balaza loti ungapalasemo njinga.

Ambirife tili m'nyumba zalendi za zipinda ziwiri, ku Ndirande, ku Mbayani, kwa Chinsapo, ku Kawale kapena ku Chibavi. Pabalaza pali mipando, tebulo, kabati ya mbale, thumba la chimanga kuseri kwa chitseko, ndipo kukada tebulolo limakankhidwira kukhoma kuti ana ayale mkeka. Pa 25 Disembala m'kachipinda komweko mufika azakhali ndi ana awo, alamu, komanso mnansi uja amene amangotulukira poto akaphulidwa. Musanatulutse ndalama iliyonse, yambani mwawerenga anthu amenewa, muone kuti akhala pati. Mtengo umene ukulanda malo a munthu mmodzi wakwera mtengo kale, ngakhale mutaupeza mwaulere.

N'chifukwa chake ine ndimati m'nyumba yaing'ono ntchito yokongoletsa imayamba ndi kutulutsa katundu. Makalendala a zaka zapitazo amene anasanjikizana pamsomali umodzi atsike. Makatoni a pamwamba pa kabati, zigubu zopanda zotsekera, nsapato zimene mwini wake anakula kalekale, zonsezi zipeze kolowera. Kenako tsache lalitali lidutse kudenga, lichotse mwaye ndi nyumba za akangaude. Makatani achapidwe, nsalu zoluka za pamipando zija zikhathamire m'sopo. Pansi ngati ndi pasimenti, kachitini ka Cobra wofiira n'kokwanira, ndipo opukuta simusowa: apatseni ana sanza aziponda n'kumatsetsereka, mudzadzionera nkhope pansipo. Mukafika apa theka la ntchito latha, ndipo m'thumba simunatuluke zambiri.

Amayi akumudzi nkhaniyi anaidziwa kale, ndipo mpaka lero ndi iwo akatswiri. Kukatsala masiku ochepa kuti Khirisimasi ifike, mumawaona akuchokera kudambo atasenza mtsiro m'mabeseni. Wina wapeza dothi lakuda bii, wina katondo wofiira, wina loyererako lochokera m'mbali mwa mtsinje. Amagwada n'kuyamba kuzira chobwerera m'mbuyo, kuchokera mkati kulinga kukhomo, dzanja likuyenda mozungulira n'kumasiya timizere tokhota tolondolana. Pakayamba kuuma amakulungiza ndi mwala wosalala mpaka pansi patawala. Akatero amatulukira pakhonde ndi kukhoma lakunja. M'munsi amadutsitsa mzere wakuda waukulu, pamwamba pake wofiira, ndipo amene ali ndi dzanja labwino amajambula maluwa, nkhanga, kapena kulemba mawu olandira alendo pafupi ndi chitseko. Mzere wakuda uja uli ndi ntchito yake: madzi ogwa kudenga amathovukira kukhoma ndi matope, ndipo pakudapo litsiro silioneka. Ikamafika Febuluwale mvula imakhala itafufuta nkhanga zija, koma palibe amadandaula, dambo lilipobe.

M'tauni simungazire nyumba ya eni ake, koma nzeru yake ndi yomweyo. Laimu pang'ono, woviikidwa usiku wonse n'kuthiramo kamchere kuti asamatsalire m'zovala za alendo, amasintha chipinda. Simukuyenera kupaka makoma onse. Khoma limodzi loyang'anana ndi chitseko, limene munthu amayamba kuliona akamalowa, ndi lokwanira. Musatekeseke mukaona kuti likuoneka lotuwa pamene mwangopaka kumene, laimu amayera akamauma, ndipo nyengo ya mvula ino amafuna masiku angapo, choncho musadikire pa 24. Samalani maso ndi manja chifukwa amaotcha. Ndipo yambani mwapempha alandilodi, poti ena amakwiya ngakhale mukuwakonzera nyumba yawo yomwe.

Tsopano za mtengo. Mwambo wa mtengo wa Khirisimasi unayambira ku Germany m'zaka za m'ma 1500, ndipo unafala kwambiri ku Britain nyuzipepala ya Illustrated London News itasindikiza chithunzi cha Mfumukazi Victoria, mwamuna wake Albert ndi ana awo atazungulira mtengo wokongoletsedwa mu 1848. Kumeneko Disembala ndi mwezi wozizira koopsa. Dzuwa limalowa msanga, mitengo yambiri imakhala itayoyola masamba, ndiye munthu akalowetsa m'nyumba nthambi yobiriwira amakhala akudzikumbutsa kuti kunja kudzaphukanso. Ife kuno Disembala ndi dzinja. Chimanga chamera, udzu wabiriwira mpaka m'ngalande, achule akuimba usiku wonse. Chimene iwo ankachisowa ife tikuchipalira m'munda. Ndikaona thonje atalimwaza panthambi kuti lioneke ngati sinowo ndimangomwetulira, chifukwa mwana amene akulimwazayo sinowo anangomuona pa TV.

Komabe ana akufuna mtengo, ndipo sindikuona chifukwa chowamana. Nthambi imodzi ya mkungudza wa kumpanda, yotalika kulekeza m'chiuno, yozikidwa m'chitini cha mchenga wonyowa, imakhala yobiriwira mpaka Nyuwere, ndipo fungo lake limadzaza nyumba yonse. Chitinicho chikulungeni ndi kansalu ka chitenje, muchiike pampando wandalema kapena pakona ya kabati kuti pansi pasatsekeke. Ena amatola nthambi youma ya mphanda zambiri, n'kuipaka laimu wotsala uja, n'kuitsamiritsa kukhoma. Imeneyi sidya malo n'komwe. Koma njira imene ine ndimaikonda ndi ya mbande. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imatsegulidwa pa 15 Disembala n'kutsekedwa pa 15 Epulo, ndiye nthawi ino mbande zili mbwee m'mbali mwa misewu: mandimu, mango, mapeyala, paini. Gulani kamodzi kokulirapo, mukamangirire tinsalu, muzikatulutsa m'mawa kuti kaone dzuwa, ndipo zikondwerero zikatha kapite kumudzi kakalowe m'dothi mvula idakalipo.

Mtundu wofiira, umene anthu amaugwirizanitsa ndi Khirisimasi, nawo uli ndi nkhani yake. Duwa limene limajambulidwa pamakadi ndi pamapepala okutira mphatso ndi poinsettia, lochokera ku Mexico. Limafiira usiku ukatalika, n'chifukwa chake ku America ndi ku Ulaya limafiira mu Disembala. Kuno chitsamba chomwechi chili m'mipanda yambiri, koma chimafiira mu Juni ndi Julayi, ndipo pa Khirisimasi chimangokhala masamba obiriwira. Musavutike nacho. Kufiira kwathu kwa nyengo ino kuli pamitengo ya flamboyant, ija imayamba kuyaka m'misewu majakaranda akangomaliza kuyoyola maluwa ake. Kanthambi kake kamodzi m'botolo la Sobo lochotsa pepala, kapena bougainvillea wa kumpanda, kapena maluwa oyera a frangipani oyandama m'mbale ya madzi, tebulo lasintha. Chenjerani kwambiri ndi duwa limodzi, lija lofiira ndi chikasu lopindikira m'mwamba ngati malawi a moto, limene Azungu amati flame lily. Limamera m'tchire mvula ikagwa ndipo ndi lokongola zedi, ku Zimbabwe ndi duwa la fuko, koma chomera chonsecho ndi poizoni, makamaka mizu yake. M'nyumba mmene muli mwana wokwawa lisalowe.

Pamene ambiri timalakwitsa ndi pofuna kuti paliponse pakhale kanthu. Chingwe chonyezimira pa TV, china pawindo, china pachithunzi cha ukwati, china pafiriji, mpaka diso limasowa popumira ndipo chipinda chimaoneka chochepa kuposa mmene chilili. Sankhani malo amodzi, kaya ndi pakona, kaya ndi pawindo, mukometse pamenepo mokwanira, kwinako musiye. Zotsalazo zikwere m'mwamba, kumene sikuyenda munthu. Apa nyumba yopanda siling'i imapambana, chifukwa mitanda ya denga ili poyera ndipo simufunika kukhoma msomali pakhoma la eni ake. Pitani kwa telala wa pakhonde la sitolo mukapemphe tizidutswa ta nsalu timene amasesa madzulo. Mwezi uno ali pakalikiliki ndi madiresi a Khirisimasi, ndiye tizidutswa n'tambiri, ta mitundu yonse. Tiduleni ta makona atatu, mutisokerere pachingwe, muchidutsitse kuchokera kumtanda wina kufika kwina. Chaka chamawa mudzangochapa n'kupachikanso.

Unyolo wa mapepala uja tinkapanga kusukulu ukadali wabwino, ndipo phala la ufa wa chinangwa limamata bwino lomwe, kungoti mphemvu nazo zimalikonda, choncho usakhalitse. Zibaluni ndiye zimakhumudwitsa. Mukazipachika pafupi ndi malata, dzuwa likangotuluka masana zimayamba kuphulika chimodzichimodzi alendo asanafike, ndipo zidutswa zake mwana wamng'ono akaika m'kamwa zimatsamwitsa. Ngati mwagula, zitsitseni pang'ono ndipo zophulika muzitola msanga.

Pali chokongoletsera china chimene chimakwana pawindo pokha, ndipo ndimadabwa kuti timachisiyira kutchalitchi: kakhola ka ku Betelehemu. Mwambo wake amauyambira pa Fransisko Woyera wa ku Assisi, amene mu 1223 anakonza modyera ziweto m'mudzi wa Greccio ku Italy, n'kubweretsapo ng'ombe ndi bulu zamoyo, kuti anthu wamba aone ndi maso nkhani imene ankangoimva. Amene anafikako ku Mua, ku KuNgoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, akudziwa mmene amisiri a kumeneko amasemera nkhani za m'Baibulo ndi nkhope zathu ndi zovala zathu. Zosema zotere n'zosiririka, koma si aliyense angazikwanitse. Mwayi wake ndi wakuti mwana aliyense amene anakulira pafupi ndi dambo amadziwa kuumba ng'ombe yadothi, ya linunda ndi nyanga zake. Mupatseni katoni ya nsapato, udzu wouma pang'ono ndi dongo. Aumbe ng'ombe, mbuzi, abusa, mayi ndi khanda, aziumitse pamthunzi kuti zisang'ambike. Mudzapeza kuti pakati pa abusawo waikapo galimoto kapena galu wa pakhomo panu. Musachotse. Sukulu atsekera, ndipo ntchito imeneyi imawasunga pakhomo masana awiri athunthu.

Timagetsi tophethira tija n'tabwino, ndipo ta LED sitidya mayunitsi ambiri. Chingwe chimodzi n'chokwanira chipinda chonse. Musanalumikize, chiyendetseni m'manja muone ngati pali pamene waya wasupuka, musachilumikize pasoketi imene yanyamula kale firiji, ayironi ndi TV, ndipo pogona muzizimitsa. Popeza magetsi nyengo ya mvula amabwera n'kumapita, ta sola kapena ta mabatire timathandiza kwambiri. Chimene ndikukupemphani ndi cha kandulo. M'nyumba ya zipinda ziwiri chilichonse chili pafupi ndi chinzake: katani yogawa chipinda, neti ya udzudzu, unyolo wa mapepala, nthambi ya mkungudza imene yayamba kuuma, ndipo mkungudza wouma umayaka ngati wathiridwa palafini. Kandulo ikhale m'botolo lagalasi lakukamwa kwakukulu, lothira mchenga pansi, patebulo pamene wamkulu akuiona, kutali ndi kona yokongoletsedwa ija. Kumbukiraninso kuti nyali ya pawindo usiku wa mvula imaitana ngumbi. Kwa ena ndi chisokonezo, kwa ena ndi ndiwo, ndiye ikani beseni la madzi pansi pa windo kunjako, aliyense apeze zake.

Patebulo musadzazepo zambiri, chifukwa malowo ndi a mpunga wa Kilombero ndi nkhuku. Chitenje chatsopano chimene mayi sanayambe kuvala chitha kuyalidwa tsiku limodzi osawonongeka, pakati pake nsengwa ya mango, amene mwezi uno ali ponseponse ndipo ali ndi mitundu yonse imene mukanagula kusitolo, wobiriwira, wachikasu, wofiira. Pofika madzulo nsengwayo idzakhala yopanda kanthu, ndipo palibe choti musunge.

Zosungazo ndiye zimatipeza mu Januwale, mwezi umene mutu umakhala pa fizi, lendi ndi feteleza wobereketsa. Ndalowapo m'nyumba zambiri mu Ogasiti n'kupeza chingwe chonyezimira chidakali kudenga, chitada ndi utsi wa mbaula, ntchentche zitachisandutsa pogona. Akatolika ndi Aangilikani ali ndi tsiku lodziwika, 6 Januwale, lokumbukira anzeru a kum'mawa aja, ndipo ambiri amatsitsa zokongoletsa nthawi imeneyo. Ngakhale simupemphera kumeneko, tsikulo ndi labwino kulibwereka, chifukwa ana amakhala akubwerera kusukulu ndipo balaza likufunika kuti azilemberapo. Nthambi ya mkungudza ikayatsire mbaula. Tinsalu tichapidwe, tiume bwinobwino, timagetsi tikulungidwe pakachidutswa ka katoni kuti tisapotane, ndipo zonse zilowe m'ndowa yapulasitiki yokhala ndi chivundikiro. Mukaika m'katoni pansi pa bedi, chinyezi cha Febuluwale, chiswe ndi makoswe zidzagawana.