Tiwalandire Ophunzira Unamwino m'Makomo a Okalamba

Mu 1978 maiko anasonkhana ku Alma-Ata, nagwirizana kuti cithandizo ca umoyo cizifika kumene anthu akhala. Dziko lathu linatsatira mfundo imeneyi. Koma kufikira lero alipo munthu amene cithandizo cicedwa kumpeza, ndiye nkhalamba imene miyendo yaleka kuifikitsa ku kiliniki.

Cifukwa cace tiyamikira kuti ophunzira unamwino, monga a ku Chipata, a ku St. Francis ku Katete ndi a ku Mwami, pa maphunziro ao ali ndi nthawi yoturuka m'cipatala kukagwira nchito pakati pa anthu. Tipempha kuti pa maulendo amenewa makomo a okalamba akhale oyamba kufikiridwa.

M'cipatala wodwala alandira mankhwala ndi cakudya pa nthawi yace. Pakhomo mpamene wophunzira aona zenizeni. Apeza ambuya analeka mapiritsi a kuthamanga kwa magazi poti mutu unaleka kuwawa, osadziwa kuti nthendayi ipha ziwalo mosacenjeza. Apeza wodwala shuga akudya kamodzi pa tsiku. Apeza wina wakhala m'mdima zaka zambiri cifukwa ca ng'ala, imene madokotala acotsa ndi opareshoni yaifupi.

Coposa zonse, akumana ndi nkhalamba yoiwalaiwala, imene isocera usiku nkupezeka pakhomo pa eni. Ambiri otere anenedwa ufiti, ena amenyedwa, ena aphedwa kumene. Imeneyi ndi nthenda ya ubongo, ndipo lamulo la dziko liletsa kuchula munthu kuti ndi mfiti. Namwino amene anaiona nthendayi ali pa sukulu adzaidziwa moyo wace wonse, ndipo adzaunikira mudzi.

Inu mafumu ndi anyakwawa, alandireni anawa. Inu abale, musabise okalamba m'nyumba cifukwa ca manyazi. Nanunso ophunzira, fikani ndi odi, khalani pansi, mverani musanayambe kulangiza, ndipo za m'nyumba ya eni musazitulutse kubwalo. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Pakhomo pao inu ndinu ana.

Kwa aphunzitsi ao tinena mau amodzi. Zimene ana apeza zisathere m'makope a mayeso. Zifike kwa a pa kiliniki yapafupi, kuti nkhalamba imene yatsegula citseko cace ione phindu la ulendowo.