Musagule sipika ina, konzani kaye nyimbo zanu

Mnzanga wina wa ku hostel anathera ndalama ya upkeep ya mwezi wathunthu pa sipika yaikulu, ya magetsi othwanima ija. Atailumikiza pa Bluetooth anaika nyimbo ya Evison Matafale yomwe anaitsitsa pa YouTube n'kuisandutsa MP3, kenako n'kumandiyang'ana kuti ndimuyamikire. Sindinayamikire. Besi inkagwedeza mawindo, koma magitala ndi mawu a oimba kumbuyo zinangosakanikirana ngati phala. Iye akuti ndine wamatama. Ine ndikuti ndalama yake anaiika polakwika.

Sipika imatulutsa chomwe mwaipatsa. Nyimbo ya pa CD imayenda pa 1,411 kbps, pomwe ma MP3 ambiri amene timapatsirana m'mafoni ndi a 128 kbps. Kuti faili ichepe choncho, pulogalamu imataya mbali zina za nyimbo zomwe ikuganiza kuti khutu silizimva, ndipo zikatayidwa sizibwereranso. Ya pa YouTube imakhala yofinyidwa kale, ndiye mnzangayu anaifinya kachiwiri.

Pa holide ndinatenga laputopu yakale ya achemwali, yomwe kiyibodi yake inafa, n'kuisandutsa nkhokwe ya nyimbo za pakhomo. Ma CD a bambo, a Lucius Banda, Mlaka Maliro, Alleluya Band ndi Black Missionaries, ndinawakopera limodzilimodzi ndi pulogalamu yaulere ya Exact Audio Copy, n'kuwasunga mu FLAC. FLAC imachepetsa faili pafupifupi ndi theka osatayapo kanthu. Chimbale chimodzi chimatenga ma MB 300 kapena 400, choncho hard drive ya 1 TB imasunga zimbale zoposa 2,000. Ndinaikamo Jellyfin, yaulerenso, ndipo tsopano aliyense m'nyumba amasankha nyimbo pa foni yake kudzera pa Wi-Fi ya pakhomo, osadya bandulo. Laputopuyo ndinailumikiza ku ampulifaya yakale ya bambo kudzera pa ka DAC ka USB, kachipangizo kosandutsa manambala a mu faili kukhala mawu omveka.

Mundiuza kuti Spotify inafika kuno mu 2021, ndiye ndikuvutikiranji. Pa Spotify nyimbo mumangobwereka, ndipo mumalipira ndi bandulo kapena ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi. Komanso kafufuzeni zimbale zakale za kuno kwathu, makamaka zomwe zinkatuluka pa kaseti, muone kuti mupezapo zingati.

Bambo poyamba anakana. Ankati nyimbo yeniyeni ndi yomwe umaigwira m'manja, ya pa kompyuta ndi ya ana. Ndinawaonetsa ma CD awo awiri okalikakalika omwe anakana kukopereka, ndipo lina silipezekanso m'masitolo. Anangoti zii.

Ndivomereze ziwiri. MP3 yabwino ya 320 kbps ambiri sitingaisiyanitse ndi FLAC, ndipo inenso ndinayesa kangapo n'kulephera. Hard drive nayo imafa popanda chenjezo, choncho ndimasunga kope lachiwiri kwa achemwali. Koma palibe pa ziwirizi chomwe chikuikira kumbuyo mafaili ofinyidwa kawiri omwe timadzazitsa pa memori khadi kumsika.

Mnzanga uja sabata yatha wabwereka flash yanga. Akuti akungofuna kuyesa.