Mbiri ya Mzimba isathere pa tchalitchi pokha

Abale anzanga, bwanji tikamakamba za nyumba zakale zoyenera kusungidwa, maganizo athu amangothamangira ku matchalitchi ndi nyumba za azungu basi?

Ku Blantyre boma limateteza nyumba ya Mandala, yomwe kampani ya African Lakes inamanga mu 1882. Kwathu kuno timanyadira mishoni ya Embangweni, komwe Donald Fraser anasamukira mu 1902 kuchokera ku Hora. Zonsezi ndi zabwino. Koma ine ndikufunsa: nanga malo amene makolo athu anakhetserako thukuta?

Taonani Chikangawa. Kuyambira mu 1964 boma linadzala paini pa mahekitala oposa 50,000 ku Viphya, cholinga chake fakitale ya mapepala. Fakitaleyo siinamangidwe. M'malo mwake kunabwera Viply ya matabwa, yomwe inagulitsidwa kwa Raiply mu 1999. Ana angati a m'boma lino anaphunzira ndi ndalama yochokera kumeneko? Nanga mashedi a ADMARC, kumene alimi ankasenzera chimanga chawo kuyambira mu 1971? Imeneyi si mbiri?

Lamulo lilipo kale. Lamulo la zipilala ndi zinthu zakale la mu 1990 limapatsa nduna mphamvu yolengeza kuti malo akutiakuti ndi otetezedwa. Koma nduna ingateteze bwanji chinthu chimene eni akefe sitinachitchule? Shedi ikangokhala yopanda ntchito, malata amazimiririka usiku, makina amapita kwa ogula zitsulo, poloti n'kugulitsidwa. Basi, yatha.

Ndikudziwa, anzanga a geni pa Jenda ndi pa Mzimba boma anena kuti mbiri sadyera nsima. Pepani, pitani mukaone ku Mandala. M'nyumba yomweyo muli malo odyera, ogulitsira zojambula ndi laibulale. Nyumba yakale imabweretsa ndalama ngati mwaipatsa ntchito. Shedi imodzi ikhoza kusunga matumba a amalonda ambirimbiri popanda kugwetsa khoma.

Tsono khonsolo ya M'mbelwa ilembe mndandanda wa mashedi, zigayo ndi mafakitale akale m'boma lino, n'kuupereka ku boma. Inu ophunzira, kacheze ndi agogo amene anagwirapo ntchito m'malo amenewa adakali moyo, mulembe zimene akuuzeni.

Tikazengereza, adzukulu athu adzayesa kuti ku Mzimba kunali opemphera okha, ogwira ntchito kunalibe.