Botolo la mankhwala silichotsa mchenga m'kabuleta

Abale ndi alongo a m'mbali mwa nyanja, pali timabotolo ta mankhwala timene ogulitsa zida za injini akumatitama masiku ano. Akuti ukangothira m'thanki, kabuleta imadzitsuka yokha, makaniko osamufunanso. Ife sitikunena kuti mankhwalawa ndi abodza. Tikuti ntchito yake njochepa kusiyana ndi mmene akuwatamiramu, ndipo mwini boti asakweze ana a eni ake atadalira botolo.

Petulo akakhalitsa m'kabuleta amauluka n'kusiya zomata ngati ulimbo. M'kati muja muli majeti, timabowo tating'ono ngati ka singano, todutsa mafuta. Pampu yothirira imene munaikankhira pakona mvula itayamba mu Disembala, mafuta ali momwemo, pofika Meyi ulimbo uja wagwira kale. Ngati injini ikulira ndithu, koma ikutsokomola kapena kuzima mukachepetsa moto, apo mankhwala akhoza kuthandiza, chifukwa amayenda pamodzi ndi petulo n'kumasungunula pang'onopang'ono. Koma jeti ikatsekeratu, petulo sadutsa. Nanga mankhwalawo adutsira pati?

Ndiponso dothi lathu kuno si ulimbo wokha. Mafuta akasowa pa filing'i siteshoni timagula a m'zigubu, timathirira pamchenga mphepo ikuwomba, ena thanki yawo inachita dzimbiri kalekale. Mchenga susungunuka, dzimbirinso ayi. Ifenso zinatichitikira chaka chatha kudimba kwathu. Tinathira mabotolo awiri, tikukoka chingwe mpaka phewa kuwawa, sabata yathunthu tomato akufota. Mnyamata wina wodziwa mainjini atamasula, anatisonyeza kambewu kamodzi ka mchenga pachikhatho. Ndalama yomwe tinamupatsa sinafike ndi pa mtengo wa mabotolo aja.

Chinanso ndi madzi. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol, ndipo ina mwa iyo imapangidwa konkuno ku Dwangwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe, kuyambira 1982. Galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku siidandaula nazo kwenikweni. Koma ethanol imakoka chinyontho, ndipo ife tili panyanja. Madzi akachuluka, amatsika pansi pa thanki atatengana ndi ethanol uja, pomwe paipi imayamwira. Pa injini za maboti zosakaniza petulo ndi oyilo, ngati ma Yamaha ambiri a pamadoko athuwa, zapansizo zimakhala zopanda oyilo wokwanira, ndiye injini imadyeka m'kati. Madzi ofika pamenepo botolo silingawathe. N'kukhuthula basi.

Pampu ikazima kudimba, munthu umataya mbewu, n'zowawa, koma umabwerera kwanu wapansi. Injini ikazima usiku kuusipa, mwera utayamba mu Juni kapena Julayi, alovi akutsala ndi nkhafi zokha pakati pa mafunde. Nthawi zambiri mwini boti amakhala ali kumtunda, ali mtulo. Amene anaumira ndalama ya makaniko si amene ali pamadzi. N'chifukwa chake tikuti injini imene yayamba kuzimazima padoko isalowe m'nyanja mpaka kabuleta itatsegulidwa, ngakhale usipa utachuluka chotani ku Chia kapena ku Ngala.

Potsegulapo, amakaniko athu, chonde lekani kutokosa jeti ndi waya kapena singano. Bowo likakula, injini imamwa mafuta moyo wake wonse. Viikani jetiyo m'mankhwala otsukira, muipemerere ndi mpweya, muiyang'ane padzuwa ngati kuwala kukudutsa.

Amene mukufunabe kuthira mankhwala m'thanki, thirani muyeso umene walembedwa pabotolo, osaonjezera poganiza kuti zifulumira, ndipo musaiwale oyilo poyesa kuti mankhwalawo alowa m'malo mwake. Ena ndi opopera m'kabuleta, osati othira m'thanki. Amene kuwerenga kumavuta, mwana wa sukulu akuwerengereni.

Koma chotchipa kuposa zonsezi ndi fanulo yokhala ndi sefa, chigubu chotsekedwa bwino chosungidwa pamthunzi, ndi kugula mafuta okwanira masiku ochepa. Mukamasunga pampu kapena jenereta kwa miyezi, tsekani kampopi ka mafuta, injini ilire mpaka izime yokha, kenako masulani kabawuti ka pansi pa kabuleta kuti zotsalazo zituluke.