KATEMERA KWA MWANA, KUPIMA KWA AMAI

Pa khansa zonse zimene zigwira akazi muno m'Zambia, khansa ya khomo la cibaliro ndiyo ili patsogolo. M'midzi yambiri, mai akayamba kutaya magazi pa nthawi yosayenera, abale athamangira kwa ng'anga poganiza kuti walodzedwa. Pofika ku cipatala, matenda amakhala atazika kale mizu.

Madokotala anapeza kuti gwero la khansa imeneyi ndi kacirombo kochedwa HPV, kamene anthu apatsirana pogonana. Kacirombo aka n'kofala kwambiri, ndipo mwa anthu ambiri thupi limakagonjetsa lokha. Koma mwa akazi ena kamakhalitsa, nikamaononga khomo la cibaliro mwakacetecete kwa zaka 15 kufikira 20 khansa isanaoneke. Mai amene ali ndi kacirombo ka HIV ali pa ngozi yoposa ya anzace kasanu ndi kamodzi, ndipo kwa iye matendawa afulumira.

Zaka zimene kacirombo kabisala ndizo mpata wathu. Mu 2006 Boma linayamba nchito yopima amai mu Lusaka, ndipo lero yafika m'zigawo zonse. Anamwino apaka viniga pa khomo la cibaliro, ndipo malo oonongeka ayera. Malo otere akakhala ang'ono, kawiri-kawiri acizidwa tsiku lomwelo. M'zipatala zina muli njira yatsopano yofufuzira kacirombo keni-keniko, pamene mai adzitengera yekha zokapima. Bungwe la World Health Organization lilangiza kuti akazi ayambe kupimitsa pa zaka 30, koma amene ali ndi HIV ayambe pa zaka 25.

Katemera wa HPV anayesedwa m'cigawo ca Lusaka kuyambira 2013, nafika m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 14. Mu 2023 Unduna wa za Umoyo unatemera atsikana a zaka 9 kufikira 14. Aperekedwa pa msinkhu uwu cifukwa agwira bwino nchito mwana asanakumane ndi kacirombo. Katemera saciza amene anakatenga kale, n'cifukwa cace amai afunikabe kupimitsa.

Cimene cibweza nchitoyi m'mbuyo ndi mphekesera yakuti katemera atseka mimba. Ili ndi bodza. Atsikana ocuruka m'maiko ena akhala akulandira katemera ameneyu kuyambira 2006, ndipo ofufuza sanapeze kuti aletsa kubala. Cimene cilanda mai cibaliro, ngakhale moyo, ndi khansa yocedwa kupezeka.

Banja la ku Lundazi kapena ku Chadiza lidziwa mtengo wa ulendo wa ku Cancer Diseases Hospital mu Lusaka: mbuzi zigulitsidwa, munda ugonera, ana atsala opanda wowaphikira. Katemera ndi waulere, ndipo apezeka pa sukulu kapena pa kiliniki yapafupi.

Tsono tipempha mafumu, anyakwawa, anamkungwi ndi atsogoleri a mipingo kuti afotokoze nkhaniyi pa misonkhano yao. Inunso azibambo, lolani ana anu atemeredwe, ndipo perekezani akazi anu kukapimitsa asanamve kuwawa kuli konse.