Nsalu ya mbusa wa ngamila ayiika m'paketi

M'sitolo ina ya mumzinda muno, yomwe imagulitsa matenti, zikwama ndi nsapato za anthu okwera mapiri, ndidapezamo nsalu itapindidwa bwinobwino m'pepala la pulasitiki. Inali shemagh, mpango uja Aluya amafunda kumutu, koma iyi inali yobiriwira ngati ya asilikali. Pamwamba adamatapo kapepala kondandalika ntchito zake: kutchinga dzuwa, kutseka pamphuno kukakhala fumbi, kusefera madzi, kumangira bala, kunyamulira katundu, kutsamira pogona. Mtengo wake unali woti mungagulire zitenje zingapo n'kutsala ya minibasi. Mnyamata wogulitsamo ataona kuti ndaima nthawi yaitali, adasendera pafupi.

"Bambo, chimenecho ndi chida chopulumutsira moyo kutchire," adatero.

Chida! Nsalu ya thonje yopanda batani, yopanda zipi, yopanda ndi thumba lomwe.

Kapepalako sikadaname ayi. Zonse zolembedwapozo nsaluyo imachitadi. Chondiseketsa n'chakuti anthu akuluakulu a ndevu zawo ayamba kuwerenga pakapepala nzeru zomwe mwana wa mbusa wa ngamila ku Najd amazidziwa asanagule mano.

Eni akewo sadayambe kufunda nsaluyi pofuna kutchena. Dziko lawo ndi lomwe lidawalamula. Ku Mitribah, m'dziko la Kuwait, kutentha kudafika madigiri 53.9 mu Julaye 2016, ndipo ife timayamba kudandaula tikangodutsa 35 ku Nchalo. Ikauka mphepo ija amaitcha shamal, mchenga umadzaza mlengalenga moti munthu saona mnzake ali pafupi. Dzuwa likalowa, chipululu chomwecho chimasanduka chisanu, chifukwa kulibe mitambo yosunga kutentha. Munthu woyenda m'dziko lotere amafuna chinthu chimodzi chopepuka chomwe chingamuthandize masana, m'mphepo ndi usiku womwe.

Ndiye adatenga nsalu ya makona anayi, yopitirira pang'ono mita imodzi mbali zonse. Amaipinda modutsa pakati kuchokera kona ina kufika kona ina, n'kuiyala pamutu, msonga imodzi kumsana, ziwiri pamapewa. Pamwamba amaikapo nkhata ya chingwe chakuda yotchedwa agal, yomwe kale ankaipota ndi ubweya wa mbuzi, ndipo amati ndi chingwe chomwe ankamangira mwendo wa ngamila kuti isayende usiku. Dzuwa likakula, nsaluyo imaphimba khosi ndi makutu. Mchenga ukauka, msonga imodzi amaidutsitsa pamphuno n'kuisomeka mbali inayo, kungotsala maso. Kukazizira amaikulunga kawiri m'khosi.

Chinsinsi chake chili pa kusathina. M'chaka cha 1980, magazini ya sayansi ya Nature idafalitsa kafukufuku wa Amiram Shkolnik ndi anzake, omwe ankadabwa kuona Abeduwini akuvala mikanjo yakuda m'chipululu. Adaimika munthu padzuwa, ulendo wina atavala mkanjo wakuda, ulendo wina woyera, n'kupeza kuti kutentha kofika pakhungu kunali chimodzimodzi. Wakuda unkamwa dzuwa lambiri inde, koma mpweya woyenda pansi pa nsalu yotayirira unkachotsa kutenthako kusanafike pathupi. Anthu ophunzira adachita kunyamula zipangizo kuti atsimikize zomwe mbusa ankadziwa pongovala. Ndipo mukainyowetsa nsaluyo n'kuiyika m'khosi, madzi akamauma amachoka ndi kutentha kwa thupi. Mukakulungira botolo n'kulipachika pamphepo, madzi ake amazizira. Nzeru imeneyi imagwira bwino kumene mpweya uli wouma, ndiye chifukwa chake idakhwima m'chipululu.

Tsono nsalu ya abusa idalowa bwanji m'masitolo a anthu okwera mapiri? Idadzera kunkhondo. Msilikali wa ku Britain, T. E. Lawrence, adajambulidwa ataivala pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo filimu ya 1962 yonena za iye idamaliza kuitchukitsa. Pa nkhondo yachiwiri, asilikali a Long Range Desert Group, gulu lomwe Ralph Bagnold adayambitsa mu 1940, ankaifunda poyendetsa malole opanda denga m'chipululu cha Libya, ndipo asilikali a SAS a David Stirling adatengera pomwepo. Ku Jordan, asilikali a Arab Legion, omwe John Glubb adawatsogolera kuyambira 1939 mpaka 1956, ankavala yofiira ndi yoyera ngati yunifomu. Kenaka kudadza nkhondo za ku Afghanistan mu 2001 ndi ku Iraq mu 2003. Anyamata a ku America ndi ku Britain adabwerera kwawo ali nayo m'khosi, amalonda n'kuona pogwira. Adaisintha mtundu, n'kuilembera kapepala.

Apa ndiye pamene pamandiwawa ine. Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mwambiwu ndimaukonda, koma akuluakuluwo adaiwala kutiuza kuti nthawi zina kalumoko kamakhala kathu komwe, mlendoyo adangokatola pakhonde, n'kukapukuta, n'kubwera nako kudzatigulitsa. Chinthu chikakhala m'manja mwa mbusa, ndi umphawi. Chikagwidwa ndi msilikali wa dziko lolemera, chasanduka luso. Ku Hebron kuli fakitale ya banja la Hirbawi, yomwe idatsegulidwa mu 1961, ndipo ndi yokhayo yomwe idatsala ikuwomba nsaluzi ku Palestine. Pamene dziko lonse linkathamangira kugula, eni nsaluwo adatsala pang'ono kutseka chifukwa msika udadzaza ndi zotchipa zochokera ku China.

Ndipo amene mumazitola pakaunjika n'kumatchenera m'tauni, dziwani kuti mtundu wa nsaluyi umayankhula. Yakuda ndi yoyera ija ili ndi mbiri yolemera. Pa kuukira kwa 1936 mpaka 1939, Apalestina a m'mizinda adavula zipewa zawo zofiira n'kuyamba kuifunda kuti asilikali a Britain alephere kusiyanitsa omenya nkhondo ochokera kumidzi ndi anthu wamba. Mtsogoleri wa Apalestina, Yasser Arafat, adaima nayo kumsonkhano wa United Nations mu 1974. Masheikh athu a ku Mangochi ndi ku Machinga akaikoleka paphewa amadziwa chomwe avala. Mnyamata wa ku Ndirande amangoti bola yagwirizana ndi nsapato.

Pa ntchito zina za pakapepala paja pali zoona zomwe ndiyenera kuvomereza. Mukaipinda ikhala ya makona atatu, ndipo imeneyo ndi bandeji yomwe dokotala wa ku Germany, Friedrich von Esmarch, ankalimbikitsa kuti msilikali aliyense aziyenda nayo cha m'ma 1870. Munthu akathyoka mkono kutali ndi chipatala, mumaukoleka pakhosi ndi nsaluyo. Akatemeka, mumaipinda mochindikala n'kukanikiza pabala mwamphamvu mpaka magazi aleke. Mukamanga makona anayi pamodzi, mwapeza phukusi. Mukaipota mozungulira, mwapeza nkhata. Chakudza sichiimba ng'oma, ndiye kuyenda ndi nsalu yotere si kupusa.

Koma pa madzi pokha, kapepalako kangathe kupha munthu. Nsalu imakola matope, zinyalala ndi tizirombo tooneka ndi maso, koma majeremusi ambiri amadutsa ngati palibe kanthu. Zoona, ku Bangladesh, kafukufuku wa Rita Colwell ndi anzake yemwe adatuluka mu 2003 adapeza kuti m'midzi momwe amayi ankasefa madzi ndi nsalu ya sari yopindidwa kanayi, odwala kolera adachepa ndi pafupifupi theka. Chifukwa chake n'chakuti majeremusi a kolera amamatirira pa tinyama ting'onoting'ono ta m'madzi, ndipo tinyamato timatsala pansalu. Nsalu yakale yochapidwa kambirimbiri inkasefa bwino kuposa yatsopano. Komatu theka ndi theka. Ife amene tidataya anthu oposa 1,700 pa mliri wa 2022 mpaka 2023 sitingasewere ndi theka linalo. Sefani, kenaka wiritsani kapena thirani klorini.

Pamapiri napo pali msampha. Kuzizira kwa nsalu yonyowa, komwe kumapulumutsa munthu m'chipululu, n'komwe kungamugwetse pa Sapitwa. Pamtunda wa mamita 3,002, chiperoni chikakupezani, thonje limamwa madzi n'kukana kuuma, ndipo limakubani kutentha usiku wonse. Nsalu ya dziko louma musaipemphe ntchito ya jekete la mvula.

Otsiriza kuwachenjeza ndi anyamata athu a kabaza wa njinga zamoto, omwe mu Okutobala mumawaona ataphimba nkhope yonse. Fumbi la m'misewu yathu ndi lenileni, sindingawadzudzule. Koma nsalu si chisoti, ndipo mutu ukagunda phula sufunsa kuti wafunda chiyani. Komanso msonga zolendewera kumsanazo azisomeke m'jekete. Mu 1927, ku Nice, m'dziko la France, katswiri wovina wa ku America, Isadora Duncan, adafa pomwepo mpango wake wautali utakodwa m'gudumu la galimoto yopanda denga. Tcheni ndi masipoko a njinga alibe chisoni choposa pamenepo.

Tsono tafika kwathu. Werenganinso ntchito zonse zija, kenaka muyang'ane amayi anu. Chitenje chimatchinga dzuwa kumunda, chimakhala nkhata kuchitsime, phukusi kuchigayo, mkeka pamzere wa kuchipatala, chofunda m'basi ya usiku, chotchinga pamene mayi akuchira panjira. Ndipo chimachita ntchito imodzi yomwe palibe msilikali adaiyeserapo: kubereka mwana kuyambira m'mamawa mpaka madzulo, manja onse awiri ali pakhasu. Palibe adalembapo kapepala. Palibe adachitcha chida chopulumutsira moyo, chonsecho ambiri a ife tidafika kuchipatala koyamba tili m'menemo.

Kusiyana kwake ndi kumodzi. Kwa Aluya nsalu ija ndi ya amuna, mfumu ndi mbusa onse amaifunda monyadira. Kwathu kuno mwamuna amaona ngati chitenje chimuluma. Angachisoketse malaya a Lachisanu, koma kuchipinda n'kuchiika m'chikwama, ayi, anthu ati chiyani? Ayenda ulendo wonse dzuwa likumuotcha pakhosi, fumbi lili m'mano, shuga ndi sopo akugwa m'jumbo yobooka, bola ulemu wachimuna usawonongeke.

Ulemu umenewo timaudziwa pomwe umathera. Pitani pamaliro mu Juni, cha m'ma 2 koloko usiku, nkhuni zitatha, nyimbo zitazilala. Mudzaona bambo wa jekete lake akunyang'ama kulowera kukhomo la siwa, n'kutuma mwana kuti, "Kawauze amako andibwereke chitenje chimodzi." Adzifunda mpaka kumutu ngati Mluya weniweni, ndipo tambala akangolira achibweza msangamsanga anthu asanaone. Tonse tidachitapo, ndipo tonse timayang'ana kumbali.

Azibambo anzanga, gulani chanu. Kaya mutenga shemagh kaya chitenje, kaya chobiriwira kuti muzioneka ngati msilikali, zili kwa inu. Akazi athu atopa kugona m'siwa miyendo ili pamphepo.