Mbava zisanu za Deep Purple ndi belo la nyimbo zaeni

Amayi ndi abambo a pamsika, sabata ino tiwapumitse kaye andale. Tikambe za nkhalamba zisanu zomwe zidadzitcha zokha zigawenga, chikhalirecho palibe yemwe adakazisumira kupolisi.

Nkhalamba zake ndi za Deep Purple, gulu loyimba la ku England lomwe lidayamba mu 1968. Awa ndi aja a gitala wolira ngati chigayo, nyimbo zomwe eni ake amati hard rock. Phokoso lawo si lamasewera ayi. Atayimba ku London mu 1972, buku la Guinness lidawalemba kuti ndiwo gulu losokosa kwambiri padziko lonse. Nyimbo yawo yotchuka zedi ndi Smoke on the Water ya 1972, yosimba za moto womwe udapsereza nyumba ya juga ku Montreux, m'dziko la Switzerland, mu December 1971.

Tsono pa 26 November 2021 akuluakuluwa adatulutsa chimbale chotchedwa Turning to Crime, kwathu kuno titi "kulowa umbava". Zithunzi za pachikuto zili ngati zija apolisi amajambula munthu akangomukwizinga. Mlandu wake? Nyimbo zonse 12 za m'chimbalemo mulibe ndi imodzi yomwe imene adapeka okha. Zonse nzaeni. Kunena mwachindunji, madodawa adatsegula belo la kaunjika.

Ena adayamba kale kunyogodola, amvekere nzeru zawathera agogo amenewa, angopuma basi. Zaka zake zinalidi zambiri: woyimba Ian Gillan anali ndi zaka 76, Roger Glover wa besi 75, Ian Paice wa ng'oma ndi Don Airey wa kiyibodi 73 aliyense. Mwana m'gulumo anali Steve Morse wa gitala, wa ku America, zaka 67. Mwana ameneyo!

Koma chidachititsa si ukalamba. Paja chakudza sichiyimba ng'oma. Mu 2020 atangokonza chimbale cha nyimbo zawozawo chotchedwa Whoosh!, mliri wa Covid-19 udatseka mabwalo a zoyimba ndi maulendo a ndege. Gululi limapeka nyimbo likakhala m'chipinda chimodzi: wina ayambe kukhwacha gitala, wa ng'oma alowerere, nyimbo n'kubadwa pomwepo. Mliri udawabalalitsa, aliyense kwawo. Ndiye mkulu wowajambulira nyimbo, Bob Ezrin wa ku Canada, adati m'malo mongokhala manja lende, atenge nyimbo zopekapeka kale, aliyense ajambule mbali yake komwe ali n'kutumiza pa intaneti. Inu mukudziwa, katundu wako akasowa ku oda sutseka benchi. Umagulitsako zina kuti mpamba usafe.

Tiyeni tifunyulule belolo. Muli Oh Well ya Fleetwood Mac ya 1969, yopeka Peter Green. Iyi ndiye jekete ya nambala wani, yoyenera kupachika patsogolo penipeni, poti Morse adaithira moto. Muli White Room ya Cream ya 1968, Shapes of Things ya The Yardbirds ya 1966, 7 and 7 Is ya gulu la Love ya 1966, ndi Watching the River Flow ya Bob Dylan ya 1971. Muli ina ya Huey "Piano" Smith wa ku New Orleans ya 1957, Rockin' Pneumonia and the Boogie Woogie Flu, yomwe mutu wake ukutchula chibayo ndi chimfine. Tangoganizani, kuyimba za chibayo ndi chimfine dziko lonse litavala zotseka pakamwa! Ndipo muli The Battle of New Orleans, yosimba momwe asilikali a ku America adathibulira Angerezi mu 1815. Angerezi anayi kuyimba mosekerera za kukwapulidwa kwa makolo awo. Imeneyo ndi ija malaya a maluwamaluwa omwe umawapeza pansi pa belo, osadziwa kuti uwagulitse kapena uwapatse apongozi.

Sindinama, si zonse zomwe zikuposa za eni ake. Amene adazolowera White Room ya Cream sangaitaye chifukwa cha iyi. Koma funso langa ndi lakuti, kodi pamenepa pali umbava?

Palibe, abale anga. Kuyimba nyimbo ya mnzako kuli ndi malamulo ake. Dzina la wopeka limalembedwa pachimbale, ndipo chimbale chikagulidwa kapena nyimbo ikaseweredwa pa wayilesi, gawo la wopeka limapita kwa mwini nyimboyo. Woyimba amangodya za mawu ake ndi thukuta lake. Ndiye kuti pachimbale chimenechi a Deep Purple adalolera kusiya ndalama za upeki, zomwe akadatapa okha chikhala nyimbozo zinali zawo. Mbava yanji yoba n'kusiya dzina la mwini katundu, n'kumulipiranso?

Ndiponso kaunjika sadayambe lero anthu amenewa. Nyimbo yoyamba kuwatchukitsa mu 1968 inali Hush, yopeka Joe South, yomwe Billy Joe Royal adayimba kale mu 1967. Idafika pa nambala 4 ku America. Mpamba wawo woyamba udachokera pa katundu wa eni, moonekera, masana dzuwa likuswa mtengo.

Tsono tcherani khutu, nkhani yagona apa. Pomwe a Deep Purple adatola zaeni mwakachetechete si pachimbale chodzitcha mbavachi ayi. Ndi pa nyimbo zija dziko lonse limati nzawo. Child in Time ya 1970, yomwe okonda gululi amailemekeza ngati nyimbo ya kutchalitchi, chiyambi chake adachitapa mu Bombay Calling ya gulu la ku America la It's a Beautiful Day. Kaliridwe ka Black Night, ya 1970 yomweyo, kadachokera mu Summertime momwe adaiyimbira Ricky Nelson mu 1962. Eni gululi adavomera okha pambuyo pake pocheza ndi atolankhani. Koma pa zimbalezo padalembedwa maina a Deep Purple okhaokha. Mwaionatu? Malaya ochotsa chizindikiro cha mwini, n'kusokererapo chako.

Si okhawa. Kumapeto kwa Turning to Crime adasanjikiza zidutswa za nyimbo zisanu, imodzi mwa izo Dazed and Confused, yomwe anthu amaidziwa ngati ya Led Zeppelin. Woipeka anali Jake Holmes wa ku America, mu 1967. Jimmy Page wa gitala adaimva ali mu The Yardbirds, ndipo pomwe idatuluka pachimbale cha Led Zeppelin mu 1969, dzina la Holmes lidalibepo. Bamboyo adakasuma mu 2010, patatha zaka 41. Adakambirana kunja kwa khoti, ndipo kuyambira 2012 dzina lake lidayamba kuoneka pambali pa la Page. Zaka zonsezo mnzake akudyerera.

Dzina pachimbale si ulemu chabe, ndi chuma. Mu December 2020 Bob Dylan adagulitsa umwini wa nyimbo zake kwa kampani ya Universal, ndipo nyuzipepala za ku America zidati mtengo wake udaposa madola 300 miliyoni. Adagulitsa benchi ndi katundu yemwe, pa mtengo womwe adaufuna yekha, chifukwa mapepala ake anali bwinobwino. Pomwe Huey Smith, mwini nyimbo ya chibayo ija, adatha zaka zambiri akulimbana m'makhoti kufuna ndalama za nyimbo zake, mpaka adamwalira mu 2023. Luso onse anali nalo. Chidawasiyanitsa ndi pepala.

Nanga ife? Kuno kwathu bungwe la COSOMA lidakhazikitsidwa mu 1992 kuti lizitolerera oyimba ndi opeka ndalama zawo. Koma m'misika mwathu momwemuno, zomwe kale zinali makaseti ojambula kuseri, lero ndi kuthira nyimbo mazanamazana m'mafoni ndi m'mamemore khadi. Wothira wadya, wogula wavina, woyimba wagona ndi njala. Inu amene mumakuwa "wakuba!" munthu akangosolola tomato mmodzi pabenchi panu, nkhani imeneyi muiganizire bwino.

Za Deep Purple, chimbale cha kaunjikachi chidakhala chomaliza cha Steve Morse, yemwe adachoka mu 2022 kukadwazika mkazi wake, atatumikira gululi kuyambira 1994. M'malo mwake mudalowa Simon McBride wa ku Northern Ireland, ndipo mu 2024 adatulutsanso chimbale cha nyimbo zawozawo. Ndiye aja ankati nzeru zatha aja, kaya ali kuti.

Wogulitsa kaunjika sachita manyazi kunena kuti malayawa adavalapo wina, ndipo kasitomala amagula akudziwa. Woopsa ndi uja amakuuza kuti adasoka yekha. Tionana sabata yamawa, malonda ayende.